Musakomedwe ndi chomata cha i7

Achinyamata ambiri m'tauni muno akudyera kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Koma akalowa m'sitolo ya makompyuta akaunjika, funso lawo limakhala limodzi basi: "Achimwene, muli ndi i7?" Wogulitsa amangomwetulira, poti wadziwa kuti lero zake zayera.

Abale anga, dzina lakuti i7 palokha silinena kanthu. Yang'anani manambala otsatirawo. Core i7-4770 idatuluka mu 2013 ndipo ili ndi ma core 4, pomwe i5-12400 ya mu 2022 ili ndi 6 ndipo nkhalamba ija imaisiya kutali.

Photoshop imafuna core yothamanga, kuchuluka kwake sikuthandiza kwenikweni. Vidiyo ndiye ina. Potulutsa ya maola atatu mu Premiere Pro ma core onse amakhetsa thukuta, ndipo makina akafooka mkwatibwi amadikira sabata zingapo, kwinaku akukuipitsirani mbiri kwa anzake.

Ine pantchitoyi ndimatsamira ku Intel chifukwa cha Quick Sync, kachigawo kopepukitsa ntchito ya vidiyo. Chenjerani ndi purosesa yothera ndi chilembo F, imeneyo ilibe kachigawoka. Ryzen ya AMD njabwinonso, makamaka pakakhala graphics card yamphamvu.

Chinanso, Microsoft idaleka kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana ma Intel ambiri osafika m'badwo wa 8. Wogulitsa uja zimenezi sangakuuzeni. Ndalama ikatsalako, onjezerani RAM ifike 16GB.