Mpira Sudya Nthawi ya Mabuku

Chaka chatha, mayeso a Fomu 2 atayandikira, ndinadziikira lamulo lomwe ndinkaliyesa lanzeru. Belu la masewera likalira madzulo, anzanga nkumathamangira ku bwalo, ine ndinkazembera m'kalasi ndi buku la masamu. Ndinkati ndikamapulumutsa ola limodzi tsiku lililonse, pofika kumapeto kwa teremu ndidzakhala nditawasiya kutali. Koma zomwe ndinakolola ndi zina. Tsamba limodzi ndinkaliwerenga katatu osatolapo kanthu. Usiku tulo tinkandithawa, ndinkangotembenuka pabedi kuganiza za kumudzi, za fizi yomwe amayi anaikhetsera thukuta, ndi za manyazi omwe ndingachite nditalephera. Mnzanga akandiseka pang'ono chabe ndinkapsa mtima ngati wandilanda munda.

Tsiku lina Abambo oyang'anira masewera anandipezerera. Sanandikalipire ai. Anangotseka buku langa nkunena kuti, "Mwana wanga, timu inayo ikusowa wotchinga kumbuyo. Tiye." Ndinapita monyinyirika, ndipo tinagonja. Koma usiku umenewo ndinagona mpaka belu la m'mawa.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufuna kudziwa chomwe chinachitika, ndipo zomwe ndapeza ndi izi. Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi lake limatulutsa timadzi tina m'magazi, monga adrenaline ndi cortisol. Ntchito yake ndi kukonzekeretsa munthu kuthawa kapena kulimbana ndi choopsa, monga zimakhalira ukakumana ndi njoka panjira. Mtima umagunda msanga, minofu imakungika, tulo timabalalika. Tsono vuto ndi lakuti mayeso si njoka. Sungawathawe, sungawaphe ndi ndodo. Umangokhala pa desiki uli wokungika choncho tsiku lonse. Pamene wathamanga ndi kutuluka thukuta, thupi limachita ntchito yomwe linakonzekera ija, kenaka limamasuka, mpweya umatsika, ndipo usiku umagona.

Palinso china. M'chaka cha 1975, John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, anatulukira kuti ubongo umapanga wokha mankhwala oziziritsa ululu. Ena mwa mankhwala a mtundu umenewu, otchedwa endorphins, amachuluka m'thupi munthu akamachita masewera amphamvu.

Mwina wina anganene kuti izi ndi zokamba za mnyamata wokonda mpira. Tamvani tsono za madokotala. M'chaka cha 1999, pa yunivesite ya Duke ku America, James Blumenthal ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza pa anthu 156, a zaka 50 kapena kuposerapo, odwala matenda a kukhumudwa kwakukulu. Anawagawa patatu: ena ankamwa mankhwala, ena ankachita masewera olimbitsa thupi katatu pa sabata, ena ankachita zonse ziwiri. Omwa mankhwala anayamba msanga kupezako bwino, koma patatha masabata 16 magulu onse atatu anali atapepukidwa pafupifupi mofanana.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi kafukufuku wa m'chaka cha 2018, yemwe anaona mayankho a anthu oposa 1,200,000 a ku America komweko. Ochita masewera anali ndi masiku ochepa ovutika m'maganizo kusiyana ndi osachita, ndipo pa mitundu yonse ya masewera, omwe anatsogola ndi apagulu. Ine izi sindikuzidabwa. Wakutsogolo wa timu ina akamakubwerera ndi mpira kuphazi, mulibe malo m'mutu oganizira za fizi. Wina amakuitana dzina, wina amakukalipira kuti wasiya munthu, wina amakudzutsa ukagwa. Munthu wankhawa amakonda kudzipatula, ndipo m'bwalo kudzipatula nkosatheka.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, likuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku, ndipo akuluakulu mphindi zosachepera 150 pa sabata. Sikuti ndi mpira wokha. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, ngakhale kupalira ndi kutchetcha udzu pa nthawi ya ntchito zamanja, zomwe ambirife timazidandaula, zonsezi zimawerengedwa. Inu makolo athu, tikabwera ku tchuthi mukatiwona tikupita ku bwalo titatha ntchito za pakhomo, musafulumire kunena kuti munatituma sukulu osati mpira.

Komabe ndisakunamizeni, anzanga, kuti mpira ndi mankhwala a zonse. Ngati chisoni chakhala masabata awiri kapena kuposerapo osachoka, chakudya sichikulowa, zomwe unkazikonda sizikukomanso, kapena ukubwerwa ndi maganizo odzipweteka, usangodalira kuthamanga. Mutu umodzi susenza denga. Uza Abambo omwe umawakhulupirira kapena makolo ako, ndipo akuperekeze ku chipatala, pakuti amenewo ndi matenda monga ena onse ndipo amachizika.

Ine tsopano ndili Fomu 3. Ndimatchingabe kumbuyo, ndipo anzanga amati ndimamenya miyendo kuposa mpira. Buku la masamu lija ndimalitsekula nditasamba.