Chikasu, tsabola wakuda ndi matenda a shuga

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ambiri mwa ife tili ndi wachibale wodwala shuga, ndipo timamva kuti chikasu chija timathira mu mpunga chimathandiza kutsitsa shuga. Koma kodi zimene tadyazo zimafikadi m'magazi?

Mu chikasu muli mankhwala achilengedwe otchedwa curcumin. Mankhwalawa sasungunuka m'madzi, ndipo ochepa amene adutsa m'matumbo, chiwindi chimafulumira kuwachotsa. N'chifukwa chake wongomwa chikasu cha m'madzi otentha amapindula pang'ono.

Njira zothandizira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi mafuta: curcumin amasungunuka m'mafuta, choncho tizithira chikasu mu ndiwo zokazinga kapena zotendera. Yachiwiri ndi tsabola wakuda, momwe muli piperine amene amachedwetsa ntchito yochotsayo. Mu 1998, akatswiri a ku Bangalore, m'dziko la India, adapeza kuti mamiligalamu 20 a piperine pa magalamu 2 a curcumin adachulukitsa ka 20 curcumin wofika m'magazi.

Mu 2012 mudatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Thailand pa anthu 240 amene shuga wawo adali atangoyamba kukwera. Patatha miyezi 9, mwa omwa makapisozi a curcumin palibe adadwala shuga, pomwe mwa enawo adadwala 16 pa 100 alionse. Tizindikire kuti uku kudali kupewa, osati kuchiza odwala kale.

Koma tichenjere. Piperine sasankha: amachedwetsanso kuchoka kwa mankhwala ena akuchipatala, monga a khunyu, mpaka kuchuluka m'magazi. Chikasu cha mu ndiwo sichidetsa nkhawa, koma makapisozi amphamvu ogula adawonongapo chiwindi cha anthu ku Italy ndi ku America. Tisawamwe tisanafunse adokotala, ndipo tisasiye metformin kapena insulin chifukwa cha zitsamba.

Mwezi wa Ramadhan ngoziyo imakula, makamaka kwa omwa glibenclamide, poti shuga akhoza kutsika kwambiri pakati pa daku ndi futari. Tikamva kunjenjemera, thukuta ndi chizungulire, kapena makina akaonetsa shuga wosafika 70 mg/dl, timasule swaumu nthawi yomweyo, tidzabweze tsikulo.

Thupi ndi amaana imene Allah adatisungitsa. Timupemphe Iye, Mchiritsi, awapatse shifaa odwala athu onse. Ameen.