Majaji a pa kanema andisinthitsa kachongedwe

Ndaphunzitsa pasukulu ya sekondale yoyendera kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikuvomera kuti cholembera chofiira ndakhala ndikuchigwiritsa ntchito ngati mkwapulo. Kalasi yanga ya Fomu 3 ili ndi ana oposa 90. Akalemba chimangirizo, makope ankakhala pakona m’nyumba mwanga masabata atatu, kenaka n’kubwerera kwa eni ake ndi malikisi komanso liwu limodzi, “Poor” kapena “Fair”. Mwana ankangoyang’ana nambalayo n’kupinda kope.

Patchuthi ndidakacheza kwa alamu anga m’tauni, komwe ana awo amakonda kuonera mipikisano yoimba, The Voice komanso zigawo zakale za Idols ya ku South Africa. Poyamba ndinkati n’zotayitsa nthawi. Koma usiku wina ndidatchera khutu kwa majaji. Woimba akangomaliza, thukuta lisanaume, ankauzidwa pomwe walakwitsa: kuti wayamba nyimbo pamwamba kwambiri, n’chifukwa chake mpweya wamuthera pakati. Ankapatsidwa chinthu chimodzi choti akakonze, ndipo sabata yotsatira majajiwo ankamvetsera ngati wakonzadi. Nanga mwana wanga akakonza chiyani pa liwu loti “Poor”?

Chidandibaya kwambiri ndi mipando ya The Voice. Mpikisanowu, womwe udayambira ku Netherlands mu 2010, umayamba majaji atafulatira woimba. Saona nkhope kapena zovala, amangomva mawu. Ine ndinkayamba n’kuwerenga dzina pachikuto, ndipo malikisi ankakhala atabwera kale m’mutu ndisanatsegule kope. Sukulu zitatsegulidwa ndidauza ana kuti alembe pamapepala, aike nambala m’malo mwa dzina, monga zimakhalira pamayeso a Maneb. Chimangirizo chomwe chidaposa zonse chidali cha mnyamata wokhala kumbuyo, amene amafika mochedwa tsiku lililonse chifukwa amachokera kutsidya kwa mtsinje. Teremu yonse yapitayo ndinkamupatsa theka la malikisi. Manyazi adandigwira ndili ndekha m’nyumba.

Komatu si zonse za pa kanema zoyenera kutengera. Simon Cowell ndi Randall Abrahams adatchuka ndi lilime lakuthwa, ndipo Idols inkachita kupereka ulemu wachipongwe wa Wooden Mic kwa amene waimba moipitsitsa. Kumeneko kunyoza ndi malonda, kumakopa oonera. Ife aphunzitsi timachitanso zomwezo popanda wotilipira. Chaka china ndidawerenga mokweza chimangirizo cha mtsikana wina kuti anzake aone zosayenera kuchita. Kalasi idaseka mpaka misozi. Iye adajomba sabata yathunthu, ndipo atabwerako sadakwezenso mkono mpaka kulemba MSCE. Pa kanema wolephera amanyamula chikwama n’kupita kwawo, pulogalamu n’kupitirira. Wanga amakhala pa desiki lomwelo m’mawa mwake, ndipo makolo ake adagulitsa mbuzi kuti akhalepo.

Tsopano ndimachonga makope 15 patsiku n’kuwabweza m’mawa mwake. Pansi ndimalemba ziganizo ziwiri zokha: chimodzi chonena chomwe mwanayo wachita bwino, china chomwe akonze, mwachitsanzo kuti ndime yachiwiri yasakaniza mfundo ziwiri. Ngati Chingerezi chimusokoneza, ndimamufotokozera m’Chichewa. Akalembanso ndime imeneyo ndimaichonganso, ndipo malikisi achiwiriwo ndiwo amalowa m’buku.

Ntchitoyi ndi yowawa, musanamizidwe. Kwathu kulibe magetsi, ndimachonga ndi nyali ya sola mpaka itazima, ndipo silabasi ikutsalira moti anzanga ena akuti ndikudzizunza chabe. Mwina akunena zoona, poti jaji wa pa kanema amamvera oimba khumi, ine 90.

Lachisanu lapitali mnyamata wa kutsidya uja adanditsatira panja belu litalira, kope lili m’manja. “Aphunzitsi,” adatero, “ndime ija ndaigawa pawiri. Taonani ngati yakhala bwino.”