Za Msana wa Munthu wa Nchito

Munthu wakufika pa Mbare Musika mbanda kuca aona anyamata alikutsitsa matumba pa malole, thumba limodzi makilogalamu 50. Ena mwa iwo ndiwo zidzukulu za amuna aja anacokera ku Nyasaland ndi ku Tete, mzinda uno ukali kuchedwa Salisbury, dzina limene linasinthidwa m'caka ca 1982. Makolowo anasenza thumba la mapaundi 200. Ku Mabvuku ndi ku Tafara, kumene madzi a m'mipopi asowa zaka zambiri, amai asenza ndowa ya malita 20 kucokera pa mjigo. Onsewa madandaulo ao ndi amodzi: msana.

Tsono mverani, abale. Kunsi kwa msana kuli mafupa 5 osanjikana, ndipo pakati pao pali tinthu tofewa tonga nkhata. Kawirikawiri pfupa silithyoka ai. Copweteka ndico minofu, ndipo anthu ambiri acira asanathe masabata 6. Kulakwa kwathu ndiko kugona pa mphasa sabata lathunthu. Madotolo akale analamulira cotero, koma lero kwadziwika kuti msana wogonedwa uuma ndi kufoka. Pumulani tsiku limodzi kapena awiri, pamenepo dzukani, muyende pang'ono pang'ono, ndi kuthowa pamalopo ndi nsaru yobviika m'madzi ofunda.

Ponyamula katundu, mumfungatire pafupi ndi thupi, pindani maondo, ndipo musapotoze ciuno katundu ali m'manja. Akalemera, itanani mnzanu, ngakhale kapitao alikuyang'ana. Pakuti iye sadzadyetsa ana anu mutagona. Amai nao acepetse madzi m'ndowa, apite kawiri.

Za lamba womanga m'ciuno, amene ambiri amtama, bungwe la World Health Organization linanena m'caka ca 2023 kuti asapatsidwe kwa munthu wa msana wokhalitsa, koma acite zolimbitsa thupi. Ibuprofen athandiza masiku owerengeka; mumwe mutadya, ndipo wa zironda za m'mimba kapena nthenda ya impso asamkhudze. Mphini sizifika pa mnofu wodwala, ndipo lumo limodzi lotemera anthu ambiri lipatsirana HIV.

Koma pali msana wina wosayenera kuuthowa pakhomo. Miyendo ikayamba kufoka, pakati pa miyendo pakacita dzanzi, kapena mkodzo ukakana kuturuka kapena ukangoturuka wokha, pitani tsiku lomwelo ku cipatala cacikuru ca Sally Mugabe, cimene anthu acichula Gomo. Ndipo inu amene munagwira nchito pansi pa mgodi, cenjerani koposa: pfumbi la mwala litsegulira njira cifuwa cacikuru ca TB, ndipo nthendayi itha kulowa m'mafupa a msana ndi kuwadya kufikira munthu aturuka linunda. Msana ukawawa ndi usiku womwe, thupi lirikuonda, thukuta lirikunyowetsa zopfunda, yambani ku kiliniki ya kwanu kuti akupimeni. Cipatala ca Beatrice Road, pafupi ndi Mbare, cisamalira odwala TB, ndipo mankhwala ace aciritsa munthu akawamwa kufikira mwezi wotsiriza.