Chaona Mnzako Chapita, Mawa Chili pa Iwe

Makolo akale anasiya mwambi umenewu chifukwa anaona kuti munthu sachedwa kukhulupirira kuti ngozi, matenda ndi kulephera n'za anthu ena, pamene iye mwini zake zidzayenda bwino. Akatswiri ofufuza za maganizo a munthu akhala akuphunzira khalidwe limeneli kwa zaka zoposa 40 tsopano. Zimene apeza n'zofunika kwa mnyamata ndi mtsikana amene akutsanzika sukulu, ndiponso kwa mphunzitsi amene wawaphunzitsa.

M'chaka cha 1980, Neil Weinstein wa pa Rutgers University ku America anafunsa ophunzira 258 za zinthu 42 zimene zingathe kuchitikira munthu m'moyo. Aliyense anayenera kunena ngati chinthucho chingagwere iye koposa anzake a pa sukulu yomweyo, kapena ayi. Pa zabwino, monga kukhala ndi nyumba yakeyake ndi kupitirira zaka 80, ambiri anati mwayi wawo ngwoposa wa anzawo. Pa zoipa, monga uchidakwa, kutha kwa banja ndi kuchotsedwa ntchito, anati zimenezo zidzagwera ena. Komatu n'kosatheka kuti onse a m'kalasi imodzi akhale amwayi kuposa anzawo.

Weinstein anaonanso kuti kudzinyenga kumeneku kumakula pamene munthu akuganiza kuti chinthucho angathe kuchiletsa yekha, ndiponso pamene ali ndi chithunzi m'mutu cha mtundu wa anthu amene amaona tsokalo. Akaganiza za chidakwa, amaona munthu wausiwa wogona m'ngalande, nanena mumtima kuti iye safanana naye.

Chaka chotsatira, 1981, Ola Svenson wa ku Sweden anapeza kuti mwa oyendetsa galimoto a ku America amene anawafunsa, 93 pa 100 alionse anadziika m'gulu la theka la oyendetsa mwaluso koposa. Aphunzitsi nawonso sanapulumuke. M'chaka cha 1977, Patricia Cross anapeza kuti aphunzitsi oposa 90 pa 100 alionse a pa University of Nebraska anadziyesa odziwa kuphunzitsa kuposa anzawo ambiri.

Koma kafukufuku amene akukhudza wophunzira kwenikweni ndi wa Roger Buehler, Dale Griffin ndi Michael Ross a ku Canada, wa m'chaka cha 1994. Iwo anafunsa ophunzira amene anali kulemba ntchito yawo yaikulu ya chaka chomaliza kuti anene masiku amene adzaimalize. Ophunzirawo anati pafupifupi masiku 34. Atawauza kuti ayerekeze kuti zonse zasokonekera kotheratu, anati masiku 49. Ntchitoyo inawatengera masiku oposa 55, ndipo ndi mmodzi yekha mwa atatu alionse, kapena kucheperapo, amene anamaliza pa nthawi imene ananena.

Chodabwitsa n'chakuti anthu atafunsidwa kuyerekeza za mnzawo, sanagwe mu msampha womwewo. Poweruza za mnzake, munthu amayang'ana mbiri yake: kodi kale anali kumaliza pa nthawi yake? Poweruza za iye mwini, amaiwala mbiri nayang'ana mapulani ake okha. Zakale zikamukumbutsa kuti anachedwapo, amazipezera chifukwa: kunali maliro, kunali malungo, nyali inalibe mafuta. Saganiza kuti mwezi wa mawa nawonso udzabwera ndi maliro ake ndi malungo ake.

Nanga n'chifukwa ninji munthu saphunzira ngakhale atauzidwa zoona? Tali Sharot wa pa University College London anayesa kuyankha funso limeneli m'chaka cha 2011. Anthu anali kuyerekeza mpata woti tsoka lakutilakuti liwagwere, kenaka n'kuonetsedwa chiwerengero chenicheni. Chiwerengerocho chikakhala chotsika kuposa chimene iwo anaopa, anali kusintha maganizo msanga. Chikakhala chokwera, anali kusintha pang'ono chabe. Akatswiri ena atsutsa njira imene kafukufukuyu anatsata, komabe phunziro lake n'lodziwika kwa mphunzitsi aliyense: wophunzira amasunga pepala limene anakhoza bwino, naiwala msanga limene analakwa.

Tsono pasakhale wina woganiza kuti chiyembekezo n'choipa. Shelley Taylor ndi Jonathon Brown analemba m'chaka cha 1988 kuti kudziona bwino pang'ono kuposa m'mene zinthu zilili kumathandiza munthu kulimba mtima ndi kupirira pa ntchito. Mlimi wopanda chiyembekezo sangabzale, ndipo mnyamata amene wakanidwa ntchito kasanu sangalembenso kalata yachisanu ndi chimodzi. Choopsa chimabwera pamene chiyembekezo chalowa m'malo mwa kukonzekera.

Mankhwala ake akuchokera pa kusiyana kuja kwa kudziweruza ndi kuweruza ena. Wophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE asadzifunse kuti adzamaliza liti kuwerenga. Adzifunse kuti teremu yatha anawerenga mitu ingati pa sabata, nawerengere masiku otsala ndi chiwerengero chomwecho. Amene akufuna kuyamba kabizinesi ayambe wafufuza kuti mwa anzake amene anayamba kotere ndi angati akupitirizabe, ndipo amene anagwa anagwa ndi chiyani. Afunsenso mnzake womudziwa bwino, pakuti safunsa anadya phula.

Kwa mphunzitsi udindo ngwaukulu. Iye amaona mwana ndi diso la kunja limene mwanayo alibe, choncho ayenera kumuuza zoona za malikisi ake nthawi ikadalipo, mosamutayitsa mtima. Koma pokonza ntchito ya chaka, mphunzitsiyo ali ngati ophunzira a ku Canada aja. Asanalonjeze kuti silabasi idzatha mayeso asanafike, atsegule buku la chaka chatha aone pamene anaimira. Paja akuluakulu anati linda madzi apite, ndipo uziti ndadala.