Kompyuta Ikapunthwa

Ana inu, pamodzi ndi inu aphunzitsi, dziwani kuti kompyuta ilibe nzeru zakezake. Imangotsata malangizo amene munthu walemba, mzere ndi mzere, m'cinenero capadera monga Python, cimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa m'caka ca 1991. Nanga cimacitika n'ciyani malangizowo akasokonezeka?

Zolakwa zina n'za kalembedwe. Wolemba akaiwala cizindikiro cimodzi cokha, Python imakana kuyamba nchito, ndipo imalemba kuti SyntaxError. Zimenezi sizivuta kwenikweni, pakuti zimaoneka msanga.

Zovuta ndi zija zobuka nchito ili mkati, zimene akatswiri amazicha ma exception. Tiyerekeze kuti mphunzitsi ali ndi pulogalamu yophatikiza mamalikisi a kalasi lonse ndi kuwagawa ndi ciwerengero ca ana. Tsiku lina mvula yagwa, mtsinje wadzaza, palibe mwana amene walemba mayeso. Kompyuta iyenera kugawa ndi 0. Kodi mungagawire mango 12 kwa ana amene kulibe? Iyayi. Pamenepo Python imaima ndi kunena kuti ZeroDivisionError. Wina akalemba mawu akuti "khumi" pamene pafunika 10, imati ValueError. Ikafuna fayilo imene kulibe, imati FileNotFoundError. Dzina lililonse likuloza pamene pali bvuto.

Wolemba wanzeru amakonzekeratu. Mbali yokayikitsa amaiika pansi pa mawu akuti try, ndiko kuti "yesa", ndipo pansi pa except amalemba zocita zinthu zikalephereka, monga kuuza mphunzitsi kuti, "Lero palibe mamalikisi." Koma alipo aulesi amene amalemba except yomeza zolakwa zonse mwakacetecete. Kumeneko n'kuphimba cilonda ndi nsalu osacitsuka.

Musayese kuti izi n'zamasewera. Pa 4 June 1996, roketi ya ku Ulaya yochedwa Ariane 5 inanyamuka ku Kourou, m'dziko la French Guiana, itanyamula masetilaiti 4. Pulogalamu yake, yolembedwa m'cinenero ca Ada, inayesa kuika nambala yaikulu m'malo osatha kusunga yoposa 32,767, ndipo pamzere umenewo panalibe cochinjiriza. Kompyuta yoongolera inaleka kugwira nchito. Inzake yoyembekezera kuthandiza inali italeka kale, popeza inali ndi pulogalamu yomweyo. Patangopita masekondi ngati 40, roketiyo inakhota n'kuphulika m'mlengalenga.