Kodi Pikachu ndi mbewa kapena khoswe?

Pamsika wa Kapiri, m'dera la T/A Dambe m'boma la Mchinji, pakaunjika sipasowa malaya a ana ojambulidwa kanyama kachikasu ka makutu ataliatali ndi masaya ofiira. Dzina lake ana ambiri amalidziwa, ndi Pikachu. Koma mutawafunsa kuti m'Chichewa kanyamaka ndi ka mtundu wanji, mkangano ungabuke.

Pikachu ndi wa m'masewera a Pokémon omwe adatuluka ku Japan mu 1996. Adawayambitsa ndi Satoshi Tajiri, yemwe ali mwana ankakonda kugwira tizilombo m'tchire. Poyamba tinyamati tidalipo 151, lero tidapitirira 1,000. Kalikonse kali ndi dzina, gulu losonyeza chomwe kamafanana nacho, komanso mtundu wa mphamvu zake monga moto, madzi, udzu kapena magetsi. Mitundu ya mphamvuyi ilipo 18.

Masewerawa akamalowa dziko lina, omasulira amakhala ndi ntchito. Kabuluzi ka moto kumchira ku Japan ndi Hitokage, m'Chingerezi ndi Charmander, m'Chifalansa Salamèche, pomwe m'Chijeremani ndi Glumanda. Aliyense adakapatsa dzina lokoma m'kamwa mwa ana akwawo. Dzina likakhazikika, eni ake salola kulandidwa. Mu 2016 anthu ena ku Hong Kong adachita ziwonetsero kampani ya Nintendo itasintha kalembedwe ka dzina la Pikachu kuti kafanane ndi ka ku China, osalabadira katchulidwe ka Chikantoni chomwe iwo amalankhula.

Kumasulira magulu ndiye kumapunthwitsa. Pali kanyama kotchedwa Blastoise kooneka ngati nkhasi yaikulu. M'Chijapani gulu lake limangonena za chigoba cha pamsana, koma m'Chingerezi adakaika m'gulu la nkhono ndi nkhanu za m'nyanja. Mpaka lero nkhasi ija ikutchedwa chomwe siili.

Nanga Pikachu? Achijapani adamuika m'gulu la nezumi, mawu omwe kwa iwo amakuta mbewa ndi khoswe yemwe. Kuno zimenezo sizingatheke. Mbewa ndi ya kumunda, timaikumba tikakolola, n'kuifutsa, n'kudyera nsima. Khoswe ndi wa m'nyumba, woboola matumba a chimanga, ndipo salowa mumphika. Mukati Pikachu ndi mbewa, mwana wa kwa Dambe aganiza za ndiwo. Mukati ndi khoswe, mwamusandutsa mdani wofunika msampha.

Komanso mbewa siimodzi. Pali kapuku, phanya, mende, ndiye pali bwampini, wamkulu uja wosunga chakudya m'masaya. Pikachu naye amasunga magetsi m'masaya. Atsuko Nishida, mayi yemwe adamujambula koyamba, adanena kuti masayawo adatengera kwa gologolo. Choncho mlimi wa kwa Dambe, ataonetsedwa chithunzi, angathe kumuika kanyamaka m'gulu molondola kuposa momwe adachitira eni masewera.

Katswiri wina wa ku Britain, Brian Morris, yemwe adakhala zaka zambiri m'Malawi, adalemba m'buku lake la mu 1998 kuti Amalawi amasiyanitsa nyama ndi chilombo. Nyama imadyedwa, chilombo n'chopanda ntchito kapena choopsa. Apa mpomwe pagona vuto lina. Dzina lakuti Pokémon lidachokera ku mawu awiri a Chingerezi otanthauza zilombo za m'thumba. Koma ku Mchinji mawu akuti chilombo satchulidwa mwachibwana. Mukati kwatuluka zilombo, aliyense amadziwa kuti ndi Gule Wamkulu, ndipo Gule si masewera a ana.

Chimodzimodzi ndi gulu la tinyama lomwe Angerezi amati Ghost. Womasulira akalemba kuti mizimu, walakwira makolo omwe timawathirira nsembe. Akalemba kuti mizukwa kapena ziwanda, makolo ambiri opemphera alanda foni tsiku lomwelo. Mawu amodzi a Chingerezi, ife tili nawo atatu, ndipo aliwonse ali ndi kulemera kwake.

Izi sizikutanthauza kuti Chichewa n'choperewera. Gule yemweyo, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndi umboni wakuti Achewa ndi akatswiri potcha maina. Pali zilombo za maonekedwe a nyama monga Kasiyamaliro ndi Njovu, palinso za maonekedwe a anthu monga Chadzunda. Azungu ndi amishoni atafika, pabwalo padatulukira Simoni wa nkhope yofiira ndi Maria. Galimoto itabwera, nayo idalowa m'bwalo. Chachilendo chilichonse chidapatsidwa dzina, nyimbo ndi phunziro lake. Opita ku Mua, m'boma la Dedza, akaone kunyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare kuchuluka kwa maina amenewa.

Masewera a Pokémon amatuluka m'zinenero monga Chijapani, Chingerezi, Chifalansa, Chijeremani, Chisipanishi, Chitaliyana, Chikoreya ndi Chitchaina. Chichewa palibepo, ngakhale chimalankhulidwa kuchokera ku Mchinji, kudutsa pachipata cha Mwami mpaka ku Chipata ndi Katete, ngakhalenso ku Tete. Kudikira kuti a ku Japan adzatiganizire n'kudikira madzi a mphutsi.

Choopsa si Pikachu ayi. Choopsa n'chakuti mwana aloweze maina a tinyama topeka ta kunja, koma osatha kusiyanitsa kapuku ndi phanya, kapena nkhasi ndi fulu. Dzina likaiwalika, nzeru yomwe lidanyamula imapita nalo: komwe kanyamako kamakhala, nyengo yomwe kamapezeka, ngati kamadyedwa kapena ayi.

Aphunzitsi a Chichewa angathe kuyambira pa malaya omwewo. Auzeni ana atche tinyamati maina a Chichewa, aike kalikonse m'gulu lake, ndipo afotokoze chifukwa. Akakanika, akafunse agogo kunyumba. Achinyamata omwe akuphunzira kupanga masewera a pafoni nawo asayang'ane kutali. Kalulu, Fisi, Nadzikambe ndi Napolo akudikira amene angawajambule, ndipo maina awo safuna womasulira.